Masiku Khumi Owerama a Che Saidi

Balaka, chaka chachiwiri chipumire ntchito

Ana anga, mwati ndilembe, ndiye ndikulemba, ngakhale ndikudziwa kuti kope ili munandigulira kuti ndikhale pansi. Mwatopa nazo zoti mayi wanu amasesa bwalo kawiri dzuwa lisanakwere, amapita kumsika kukagula anyezi mmodzi, pobwera n'kuima pamsewu kumasuzumira m'maso mwa ana a eni ake. Sindikana. Ntchito inatha, koma miyendo yanga palibe anaiuza. Za ubwana wanga sindilemba, munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu yoyera, ndipo ndikafika pa nkhani ya Che Saidi mupirire nane, chifukwa ndi imeneyo imene imandidzutsa pampando mpaka lero.

Rivirivi, zaka zitatu zoyamba

Malo anga oyamba anali kachipatala kakang'ono chakufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, pakati pa minda ya thonje ndi chimanga. Mkulu wathu anali a Kamwendo, munthu wabwino mtima koma wozizira ngati madzi a mumtsuko. Akamalembera wodwala mankhwala ankayamba afufuza cholembera, akachipeza n'kuchiyesa kaye padzanja, ine ndili chiimire pambali, phazi likugogoda pansi. Ndi iwo amene anandipatsa dzina lakuti Anaphuma, ndipo linanditsatira kulikonse kumene ndinagwira ntchito. Zosowa zinali zambiri moti tinasiya n'kuzitchula komwe. Tinali ndi katochi koyang'anira mkati mwa diso, koma kankangokhala m'dirowa chifukwa mabatire ake anatha kalekale. A Kamwendo ankawayanika pazenera, amvekere akatenthedwa ndi dzuwa amatsitsimuka. Ankatsitsimukadi, kwa nthawi yongokwana kunena kuti "tayang'anani kuno," kenako n'kufanso.

Chaka changa chachiwiri kunabwera mayi wina wolima thonje. Anakhala pabenchi, n'kuphimba diso lakumanzere ndi dzanja kuti atifotokozere za lakumanja.

"Adokotala, diso ili likuchita zachilendo. Poyamba ndimaona kung'anima ngati mphezi, kunja kulibe ndi mtambo womwe. Kenako tinthu takuda touluka ngati ntchentche. Tsopano zili ngati munthu wapachika chitenje pakona, ndiye chikusendera."

"Likupweteka?" anafunsa a Kamwendo.

"Iyayi."

"Manthongo?"

"Iyayi, olo pang'ono."

Diso linali loyera bwinobwino, losafiira, losatupa. A Kamwendo anati mwina ndi fumbi la thonje, n'kulemba mafuta a m'maso. Amene anam'patsira mafutawo m'manja ndine, ndipo ndinamuuzanso kuti akapanda kusintha abwerenso. Mayi uja anali ndi thonje loti atole, ndiye anabweranso patatha miyezi iwiri, akupendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Chitenje chija chinali chitatseka diso lonse. Tinam'tumiza ku Blantyre, ndipo anabwerako ndi kalata yaifupi yonena kuti wafika mochedwa, palibenso chimene angachite. Kalatayo ndinaiwerenga katatu. A Kamwendo tsiku limenelo sanadye, ine ndinakwiya mpaka kulira, ndipo mkwiyowo sunali wa pa iwo okha. Mwezi womwewo ndinalemba kalata yopempha kukaphunzira za maso.

Kusukulu ya maso, kenako ku Machinga

Kusukulu ndi kumene ndinadziwa chimene chinam'chitikira mayi uja. Kumbuyo kwa diso, chamkati, kuli kanembanemba kopyapyala kamene ife a chipatala timati retina. Kamamatirira ngati pepala lomata pakhoma, ndipo ndi kamene kamaona. Kakang'ambika penapake, madzi a m'diso amalowera pong'ambikapo n'kuyamba kukamatula pang'onopang'ono, ndiye chitenje chakuda chija. Nkhanza ya matendawa ndi yakuti sapweteka, motero munthu amati ndithane kaye ndi kumunda. Pakati penipeni pa nembanembayo pali kadontho kakang'ono, ndipo kuwerenga, kulowetsa ulusi pa singano ndi kuzindikira nkhope zonse zimadalira pamenepo. Aphunzitsi athu ankabwereza mpaka kutitopetsa kuti opaleshoni ikachitika pakatipo pasanamatuke, munthu amaonanso pafupifupi ngati kale; pakamatuka, tsiku lililonse lodikira limadya maso, ndipo ngakhale adokotala amate bwino chotani, zimene zapita sizibwera zonse. Zina zimene zimathandiza kapena kuwononga ndi kukula kwa pong'ambika, zipsera zimene zimamera mkati, shuga, ndi ukalamba. Chomaliza ankachinena chakumapeto, ife titayamba kale kutseka makope: zimene wodwala achite akafika kwawo. Ine ndinagwira kwambiri za kufulumira, chifukwa zinali zogwirizana ndi mtima wanga. Kwa nthawi yoyamba phuma langa linapeza ntchito.

Nditamaliza ananditumiza ku chipatala china cha mbali ya ku Ntaja, ndipo ndinakhalako zaka zambiri kuposa kwina kulikonse. Inu munakulira komweko, mukukumbukira. Anandipatsa kachipinda kamene kale kanali kosungiramo matiresi akutha, kopanda zenera lenileni. Ena akanadandaula, koma kwa ine mdimawo unali mwayi, chifukwa mkati mwa diso mumaoneka bwino mumdima. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi pepala la zilembo pakhoma. Lachinayi lililonse ndinkakwera njinga yamoto kupita ku Nsanama kukaona maso pansi pa mtengo, ndipo ndinkalalikira za chitenje chakuda mpaka amayi a pamsika anayamba kundinyoza nacho. Bwana wanga anali metuloni, a Nyirenda, mayi wa kumpoto, wamtali, woyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Kwa iwo chinthu chimene sichinalembedwe m'malamulo chinali chisanabadwe. Tinkalemekezana, koma tinkatopetsana kwambiri.

Ntaja, chaka chachisanu ndi chimodzi, mwezi wa Ramazani

Che Saidi anali telala pa Ntaja, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anali munthu wa zaka za m'ma sikisite, wofatsa, wolemekezeka kumzikiti, ndipo diso lawo lakumanzere linafa ali mnyamata atalaswa ndi chitsotso. Moyo wawo wonse, mashini, singano, buku lawo la mapemphero, zonse zinali pa diso limodzi. Anabwera Lolemba m'mawa, kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti ifike Idi, chikondwerero chawo chomasula kusala kudya. Anavula nsapato pakhomo la kachipinda kanga ngati akulowa m'nyumba ya munthu.

"Sisitala, mundipatse timankhwala todontheza. Kwayamba kamthunzi chakumunsi kuno, dzana. Ntchito ndiye yachuluka, anthu akufuna zovala za Idi."

Ndinawadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, n'kuyang'ana. Nembanemba inali itamatuka mbali imodzi, ikulendewera, koma pakati paja panali pasanakhudzidwe. Panatsala pang'ono kwambiri.

"Che Saidi, tikupita ku Blantyre lero."

Anaseka. "Lero? Iyayi, sisitala. Ndili ndi mikanjo ya anthu, madiresi a ana, nsalu zili mulu. Idi ikadutsa ndibwera ndekha, simuchita kundiitana."

"Idi ikadutsa mudzabwera wina atakugwirani dzanja. Zovalazo asoke wina. Diso lina mulibe."

Ndinayankhula mwaukali, ndipo sindikupepesa. Che Saidi anapempha kuti akatsanzike akazi awo. Ndinawapatsa ola limodzi. Ambulansi inali itapita ndi mayi wapakati, ndipo panalibe wodziwa kuti ibwera liti, ndiye ndinaimbira foni mmodzi wa aphunzitsi anga akale, ndinatseka kachipinda, n'kukwera nawo minibasi. A Nyirenda anandipeza ndili pageti. Anandifunsa kuti odwala maso ena awaona ndani, ine ndinayankha ndikuyenda kuti enawo maso awo adikira, ili silidikira. Ulendo wonse, Liwonde, Zomba, minibasi ikaima kudikira anthu ndinkamva ngati ndikuona chitenje chija chikusendera. Che Saidi ankangoyendetsa mikanda yawo ya mapemphero m'manja, osadya, osamwa, pamene ine ndinkakangana ndi kondakitala.

Madokotala odziwa opaleshoni imeneyi anali owerengeka ndipo sankapezeka tsiku lililonse, koma tinachita mwayi, Lachinayi anawapanga. Ine ndinali nditabwerera kuntchito, n'kupitanso Lachisanu. Adokotala anandiitanira pambali. Anati tafulumira, pakati paja anapapeza pali bwino, pong'ambika atsekapo. Mkati mwa diso anaikamo thovu la mpweya loti lizikankha nembanemba mpaka imatirire. Koma thovu limayandama, limathawira kumwamba ngati mpweya wa m'botolo la madzi, ndiye kuti likankhe kumbuyo kwa diso, nkhope iyenera kuyang'ana pansi. Masiku khumi, kungodzuka pang'ono pokadya ndi pokadzithandiza. Akapanda kutero nembanemba ikhoza kumatukanso, ndipo opaleshoni yachiwiri siikhala yabwino ngati yoyamba. Anati theka la ntchito achita iwo, theka lina lili ndi wodwalayo. Ndinapita pabedi pa Che Saidi, pamene akazi awo, Abiti Jafali, anali atakhala pambali. Ndinalemba m'kabuku kawo ka kuchipatala ndi zilembo zikuluzikulu kuti agone chafufumimba masiku khumi, ndipo ndinawawerengera mokweza. Anati, "Chabwino, sisitala." Ndinathamangira basi ndili wokondwa, ndikudziyamikira mumtima.

Lamlungu lotsatira

Anawatulutsa Loweruka. Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi miyendo inakana kupita kunyumba, ndinakwera kabaza kupita kwawo. Ndili patali ndinaona njinga zitatsamira mpanda ngati pali msonkhano. Pakhonde panali nsapato zambirimbiri. Ndipo pakati pa anthuwo, pampando wa ndalema, panali Che Saidi, atavala kofiya yoyera, mutu uli chilili, akupereka moni kwa aliyense wobwera. Bambo wina anali atawerama, iwo atatukula bandeji kuti aone mmene a ku Blantyre anasokera.

Zimene ndinanena sindizilemba zonse. Ndinakuwa pamaso pa akuluakulu a mzikiti, ine mkazi, Mkhristu, mwana wa Alomwe, nsalu ya Mvano ili m'chiuno. Ndinati ndinavutikiranji ine, ndinati kodi diso ili ndi la chionetsero. Abiti Jafali anandigwira mkono mofatsa n'kundikokera kuseri kwa nyumba, kumene ankasankha mpunga wa chakudya chomasulira madzulo.

"Sisitala, khalani pansi kaye."

"Sindikhala. Ndinalemba m'buku, ndinawerenga, anavomera."

"Anavomera chifukwa cha ulemu. Bambo awa chibadwire sanagonepo chafufumimba. Kwathu kagonedwe kameneko timaletsedwa tili ana, munthu wopemphera sagona choncho. Amagonera kumanja. Ndiye m'mwezi uno, wa Ramazani, ayambe lero?"

"Nanga osanena bwanji?"

"Munawapatsa mpata? Munayankhula muli chiimire, chikwama chili paphewa."

Ndinakhala pansi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pakati pa anthu amenewa, ndikudya nawo mpunga wa Idi, ndikuwapatsa moni wa Chiyao, koma chimenechi sindinkachidziwa, ndipo sindinafunsepo. Abiti Jafali anapitiriza. Anati mankhwala odontheza amene anawapatsa ku Blantyre masana sakuthira, chifukwa amawamva kukhosi ndipo akuopa kumasula swaumu, kusala kwawo kuja. Koma chachikulu, anati, ndi alendo.

"Munthu wachoka ku Nsanama wapansi kudzazonda matenda, iwo amuonetse pankhongo? Wowerama pamaso pa alendo ndi wamaliro, kapena wakuba wogwidwa. Anthu akapita azikanena kuti Che Saidi anapita ku Blantyre n'kubwerako onyada."

Anthu atachepa ndinalowa, ndinagwada, n'kupepesa chifukwa cha pakamwa panga. Kenako ndinafotokoza za thovu lija bwinobwino, ndi botolo la madzi m'manja, zimene ndinayenera kuchita ku Blantyre. Ndinati chofunika si mimba kukhala pansi, koma nkhope. Che Saidi anagwira botolo lija, analitembenuza, analibweza.

"Mukanatero poyamba paja, sisitala. Kuwerama ine sikundivuta. Ndimawerama kasanu patsiku poswali, ndipo moyo wanga wonse ndakhala chowerama pa mashini. Za kugona ndi za mankhwala ndifunsa ashehe, wodwala amakhala ndi chilolezo chake. Chondivuta ine ndi anthu. Mlendo akalowa, khosi limadzuka lokha."

Ashehe analoladi tsiku lomwelo, ndipo anawakalipira kuti anachedweranji kufunsa. Koma anthu panalibe wowaletsa. Nditayang'ana m'diso, nembanemba inali ikadagwira, koma m'mphepete munali mokayikitsa. Masiku atatu anali atatayika kale, ndipo Idi inali pakhomo, tsiku limene Ntaja yense akanabwera kudzawagwira chanza.

Sabata ya Idi

Lolemba m'mawa ndinalowa muofesi ya a Nyirenda. Ndinawauza kuti ndikufuna kusunga Che Saidi m'kachipinda kanga ka maso, iwo ndi akazi awo, mpaka masiku akwane, ndipo ndiyambanso kuwerenga khumi kuchokera pa tsiku limenelo. Muwodi sizikanatheka, chifukwa nthawi yozonda odwala anthu akanadzaza chimodzimodzi.

"Chipinda chimenecho si wodi," anatero. "Munthu akakomokera mmenemo ayankhe ndani?"

"Ndiyankha ndine."

"Inu Anaphuma, sabata yatha munatseka kiliniki popanda chilolezo. Lero mukufuna kusandutsa sitolo ya matiresi kukhala nyumba ya alendo. Phuma lanuli lidzakuchotsani ntchito."

"Lindichotse diso litapola."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akuseweretsa makiyi. Kenako anati alemba kalata yondichenjeza ikhale m'failo yanga, ndipo iwo sanaone kanthu, sanamve kanthu. Anamasula kiyi mmodzi, wa chimbudzi cha ogwira ntchito, n'kumuika patebulo. Mayi amene uja ndinamumvetsa mochedwa.

Chinatsala ndi choti tiwauze anthu. Ine ndinati tinene kuti abwerera ku Blantyre. Che Saidi anakana. "Bodza, m'mwezi uno?" Ndinawayankha kuti bodzalo ndinena ndine, ine sindikusala. Anaseka mpaka bandeji kugwedezeka, ndipo ndinatenga kusekako ngati kuvomera. Abiti Jafali anangouza oyandikana nawo kuti za bambo afunse asisitala.

Tinawasamutsa masana dzuwa lili pamutu, nthawi imene anthu osala amakhala m'nyumba. Ndinapinda chitenje ngati nkhata yosenzera mtsuko n'kuiika m'mphepete mwa tebulo, iwo n'kutsamiritsapo chipumi, nkhope ili pansi. Pogona tinaika matiresi awiri mosiya mpata pakati kuti mphuno ipume. Odwala maso ena ndinkawaonera pakhonde, ofunika mdima ndinkawalowetsa m'chipinda chobayira jakisoni. Abiti Jafali anayala mkeka pansi pa tebulo, ndipo ankakhala pamenepo tsiku lonse, nkhope yawo ili pafupi ndi ya amuna awo, akucheza m'Chiyao motsitsa mawu. Diso lokhala ndi thovu siliona patali, koma chinthu chikayandikira kwambiri pansi pake limachiona, ndiye Che Saidi ankati zaka zonsezi sanawaonepo akazi awo bwino chonchi. Koma kunena zoona ankavutika. Khosi linkawawa, msana unkawawa, ndipo ndikalowa ndinkapeza mapazi awo akupalasa pansi, kupalasa mashini amene panalibe. Ine ndi iwo tinali amodzi pamenepo, anthu osadziwa kukhala. Ndinkalowa kakhumi patsiku, mpaka Abiti Jafali anandiuza kuti amene akufunika kum'mangirira patebulo ndine.

Idi inafika Loweruka. Chakum'mawa, mapemphero atatha, ndinali pakhonde pamene mlonda anandiuza kuti pageti pali munthu akundifuna. Anali nkhalamba yoonda, ya mkanjo woyera wofiira ndi fumbi m'munsi, ndodo kudzanja lina, kathumba ka mpunga kudzanja lina. Kumbuyo kwake, kunja kwa geti, kunaima amuna atatu a pa Ntaja amene ndinkawadziwa, akuyang'ana.

"Amayi, ine ndine Amidu, mkulu wake wa Saidi, mimba imodzi. Ndachokera kutsidya kwa Nayuchi. Chaka chilichonse Idi timadyera limodzi. Kunyumba akuti za iye ndifunse inu. Wakabaza wina akuti anaona mlamu wanga akulowa muno ndi chakudya."

Chitseko cha kachipinda kanga chinali pafupi, mwina mapazi makumi awiri kuchokera pamene tinaima. Ndinayang'ana amuna atatu aja. M'mutu mwanga munabwera khonde lija la Lamlungu, nsapato, njinga, bandeji ili m'mwamba. Ndinati akalowa mmodzi alowa onse, ndipo mkulu wake akalowa, Che Saidi adzadzuka ndithu, adzaimirira, adzakumbatirana. Zonsezi ndinaziganiza m'kanthawi kochepa kuposa kamene kanditengera kuzilemba.

"Anabwerera ku Blantyre, abambo. Akazi awo amabwera kudzatenga mankhwala."

Anandiyang'ana. Maso ake anali ndi ng'ala yoyamba kumene, ndinaiona ngakhale pamenepo, ntchito siichoka m'mutu. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira.

"Sikomo, amayi. Ku Blantyre ine sindingafike, miyendo yatha. Mukamuona mum'patse mpungawu, ndi wa m'munda mwa bambo athu. Mumuuze kuti mkulu wake anabwera. Ndimafuna ndingom'gwira dzanja basi."

Anatembenuka, amuna aja anam'thandiza kukwera kabaza, ndipo mawa lake anabwerera kwawo. Mpunga ndinaubisa m'kabati ya mankhwala. Sindinauze Che Saidi, sindinauze akazi awo, kuopa kuti angadzuke n'kumulondola.

Miyezi itatu yotsatira

Tsiku lakhumi litakwana ndinawadzutsa mutu pang'onopang'ono. Nembanemba inali itagona bwino ponseponse. Pamenepo ndinatulutsa kathumba kaja n'kuwauza zonse, mmene zinayendera. Anakafungatira, anakanunkhiza. Anangoti, "Tidzaonana, Mulungu akalola. Adokotala akandimasula ndipita ndekha."

Thovu linatenga masabata angapo kuti lithe. Ankabwera Lachiwiri lililonse n'kundiuza kuti akuona mzere ngati wa madzi m'botolo, ndipo ukutsika, pamwamba pake dziko likuoneka. Sabata iliyonse ankawerenga mzere wina wotsika pa pepala la zilembo lija. Thovu linasanduka kadontho kovina pansi pa diso, kenako tsiku lina linasowa. Atalandira magalasi atsopano anabwera ndi singano ndi ulusi wakuda m'thumba. Ndinaitana a Nyirenda. Ulendo woyamba anaphonya, wachiwiri anaphonya, wachitatu ulusi unalowa. A Nyirenda, mayi wa malamulo uja, analulutira mpaka odwala kusuzumira pakhomo. Ine ndinatuluka panja chifukwa misozi inali itayamba. Ndinakumbuka mayi wa ku Rivirivi, ndipo ndinamva ngati ndam'bwezera kanthu.

Adokotala a ku Blantyre anali atawauza kuti asayende ulendo wautali wa m'misewu ya mabampu kufikira atawaonanso komaliza. Kutatsala sabata imodzi kuti apite kokaonedwako, uthenga unafika kuti Che Amidu amwalira. Asilamu sagoneka maliro, mukudziwa. Che Saidi ananyamuka tsiku lomwelo, koma anakapeza manda atakwirira kale.

Patapita mwezi anabwera kukachipinda kanga. Anavula nsapato pakhomo monga mwa masiku onse, n'kuika patebulo phukusi la pepala. Munali yunifolomu yoyera, yosokedwa bwino kuposa iliyonse imene ndinavalapo, ndipo sanandiyeze n'komwe, anangoyeza ndi diso lomwelo. Ndinayamba kuwapepesa za maliro, koma anakweza dzanja.

"Sisitala, diso ili ndi lanu. Ndikamasoka ndimakutchulani m'mapemphero. Mukanapanda ukali wanu uja, bwenzi pano ndikuyenda ndi ndodo. Zimenezo sindidzaiwala. Koma ndifunseko chinthu chimodzi, musakwiye."

"Funsani, abambo."

Analoza pansi pa tebulo.

"Mayi akunyumba aja ankakhala apa masiku onse aja, ine osadzutsa mutu. Achimwene sakanakwanapo?"

Akanakwana. Mkeka uja unali waukulu, wokhala anthu awiri. Ndikanawalowetsa okha, ndikanawauza pakhomo kuti akhale pansi, mng'ono wawo asadzuke, ndipo akanamvera, anali munthu wofatsa. Amuna atatu aja ndikanawabweza ine ndemwe, pakamwa ndinali napo. Njira imeneyi inali pamaso panga sabata yonse, ndinkaidumpha kakhumi patsiku polowa m'chipindamo. Chimene chinkafunika n'choti ndiime kaye pageti paja, ndipume kamodzi, ndisanayankhe. Che Saidi sanadikire yankho. Anavala nsapato zawo, anati, "Sikomo, sisitala," n'kubwerera ku mashini awo, kumene anasoka zaka zina zisanu ndi zinayi ndi diso lomwe lija.

Balaka, lero

Yunifolomu ija ndinaivala mpaka tsiku langa lomaliza, ndipo ili m'sutikesi ya pansi pa bedi, imene mumati ndiitaye. Pambuyo pa Che Saidi ndinatumiza ku Blantyre anthu ena ambiri a chitenje chakuda. Ena anaona, ena anafika mochedwa, ena anachita zonse bwino koma zipsera zinawalanda. Aliyense ndinkakhala naye pansi, chikwama nditachotsa paphewa, n'kumufunsa mmene amagonera, mmene amapempherera, ndi amene adzabwere kudzamuzonda. Ndinkawauza kuti alendo abwere, koma ayale mkeka pansi pa tebulo. Ku Ntaja anthu anayamba kuutchula kuti mkeka wa asisitala, osadziwa kuti nzeruyo si yanga ndipo ndinaigula ndi m'bale wa munthu wina.

Mukandifunsa ngati ndinalakwa kuwabisa, ndikuuzani kuti iyayi, ndikanawabisanso. Koma za pageti paja sindinadzikhululukire, ndipo musavutike kundiuza kuti ndidzikhululukire. Ndiye mukandiona ndadzuka pampando mwadzidzidzi, tiyi ndam'siya akutentha, ndikulunjika kugeti popanda amene wagogoda, musandikalipire kuti amayi khalani pansi. Ndimakhala ndikuthamangira nkhalamba ija isanakwere kabaza.